Tsiku limene fodya anadikira

Ndikukumbukira chaka chimene atate anapatsidwa ukapitao pa munda wa fodya wa mzungu, kutsidya kwa mtsinje wa Katete, nkhondo ya Jeremani itangotha. Ndinali ndi zaka ngati khumi, ndipo ntchito yanga inali yotola mbozi pamasamba. Manja ankamata utomoni wowawa umene sunkachoka ngakhale utsuke ndi mchenga.

Fodya atapsa, m'mudzi mwa aGwaza, mmodzi mwa abambo amene ankasonkha moto m'mabalani oumitsira fodya, munagwa maliro. Iwo ndiwo ankatsogolera adzukulu okumba manda. Anapempha tsiku limodzi, koma atate anakana poopa kuti fodya awonongeka ndipo bwana awalanda udindo. AGwaza anapita ndithu.

Madzulo atate anandifunsa amene anasiya moto. Ine pofuna kuyamikiridwa ndinatchula dzina. Masiku amenewo lamulo linkati wochoka pantchito popanda chilolezo ndi wothawa, choncho asilikali a boma anabwera ndi chingwe. AGwaza anakakhala mwezi kundende, ndipo bwana anapatsa atate jekete lakale.

Anthu sanatukwane. Ankalonjera atate mwaulemu wonse, ankagwira ntchito imene auzidwa, osawonjezerapo kanthu. Nyimbo zinatha m'mizere. Atate ankabwera kunyumba atatheratu, n'kukhala pakhonde osavula jekete lija.

M'dzinja lotsatira mng'ono wanga anamwalira ndi malungo. Uthenga unapita m'midzi yonse. Amayi ena anabwera kudzalira, koma dzuwa linakwera popanda mwamuna aliyense wonyamula khasu. Kwathu kholo silikumba manda a mwana wake. Atate anadikira mpaka mthunzi unafupika, kenako anatenga khasu okha, ine ndili pambuyo. Ndinkachita mantha, komanso manyazi, chifukwa ndinkadziwa pakamwa pamene panachokera zonsezi.

Atangokumba pang'ono, aGwaza anatulukira m'tchire, owonda, amuna asanu akuwatsatira. Analandira khasu m'manja mwa atate.

"Khalani pansi, akapitao. Iyi si ntchito yanu," anatero. "Koma anthu onsewa athawa kumunda lero. Kaya muwamangitsa."

Atate anakhala pansi pafumbi. Mawa lake anapita okha kwa bwana kukanena kuti ndiwo analola anthuwo. Jekete analandidwa, ukapitao unathera pomwepo.

Ine ndinadzakhala kapitao wa msewu zaka zambiri, ndipo ndatopa nazo zoimirira pakati pa bwana ndi anthu. Malamulo asintha, tsopano amaluma wolemba ntchito nayenso, ndipo anyamata a m'maofesi amandifunsa mmene angapewere milandu. Ndimawauza kuti atate mlandu wawo ndi aGwaza anapambana kuboma kokha. Munthu akandipempha tsiku la maliro, sindinafunsepo kuti wamwalirayo ndi ndani wake. Ndinkangoona atate atawerama pa dothi lofiira, akuyeza ndi bango msinkhu wa mwana wawo.