Mpongozi wanga ndi chitunda cha ku Mpingwe

Mpongozi wanga ndinamunenepetsa ndine, ndipo ndinkanyadira. Mwana wanga atamukwatira n'kubwera naye kuno ku Mpingwe, anali kamtsikana kowonda ngati bango. Kwathu ku Nsanje, mkazi akalowa pakhomo panu n'kukhalabe choncho, anthu amafunsana kuti kodi pakhomopo amadya? Ndiye ndinayamba: m'mawa mandasi, masana futali, ndiwo zoyandama m'mafuta. Pomwe ankabereka mwana wachitatu, makondakitala a minibasi ankamuseka, amvekere, "Amayi, mzere wonsewu ndi wanu." Iye ankaseka nawo.

Koma mawu, abale, anali nawo. Pagulu la amayi akutchalitchi kwathu, woyambitsa nyimbo anali iyeyo, paukwati ngakhale pamaliro.

Chaka china nyengo ya chiperoni, tikukwera chitunda pochokera kumsika wa Limbe, anaima n'kugwira mpanda wa eni ake. M'chifuwa munkalira ngati mwana wa mphaka. Lamulungu lotsatira nyimbo inamuthera pakati, mayi wina n'kuilandira.

Kuchipatala ndinamuperekeza ndine. Anamwino anati ndi mphumu.

Ine ndinati, "Mphumu yoyamba munthu ali ndi ana atatu?"

"Imabwera ngakhale munthu atakula, agogo," anatero anamwinowo. "Tinjira ta mpweya m'chifuwamu tatupa mkati. Mafuta akachuluka m'thupi sangokhala phee, amawonjezera kutupako, komanso mapapo amasowa malo otambasukira."

Anamupatsa mankhwala opopera m'kamwa, n'kumuuza kuti achepetseko thupi.

Sabata yomweyo anasiya kukwera minibasi. Kusitolo ya nsalu komwe amagwira ntchito ku Limbe ankapita wapansi, kubwerako wapansi. Masiku oyamba ankaima pampanda uja, kupuma, kupopera mankhwala, n'kupitiriza. Mandasi anga anawakana mwaulemu. Mafuta ophikira ankachita kuyeza ndi kasipuni. Miyezi itapita, mabulauzi anayamba kumukhwepa.

Apa ndi pomwe panavuta. Mu Blantyre muno tinaika anthu ambiri zaka zija, ndipo onse ankayamba ndi kuwonda. Anthu sanaiwale. Ndikafika pampopi, amayi ankangokodolana. Tsiku lina mmodzi analimba mtima.

"Agogo, apongozi anu aja ali bwinobwino? Nanga mwana wanuyo anakayezetsa?"

Ndinabwerera ndi ndowa yosadzaza. Ndinene zoona, ndinachita manyazi, ndipo ndinayamba kuthira mafuta mobisa m'ndiwo zake. Tsiku lachitatu anandipeza botolo lili m'manja.

"Amayi, mukuphikira ine kapena amayi a pampopi?"

"Anthu akunena, mwana wanga."

"Anene. Tsiku lija ndikubanika pampanda, anabwera ndani kudzandibwereka mpweya wake?"

Sanakalipe. Anangotenga botolo lija n'kuliika pamwamba pa kabati pomwe ine sindifikira.

Chimene anachita pambuyo pake ndimachikumbukirabe. Wina akanamanga zitenje ziwiri kuti thupi lioneke lodzaza. Iye anatenga yunifolomu yake yoyera ya kutchalitchi n'kupita nayo kwa telala wa pakhonde ku Limbe kuti aichepetse. Inamukwana thithithi, ndipo anaivala Lachinayi kumsonkhano wa amayi, n'kukakhala mpando wakutsogolo kuti aliyense aone bwino.

Mwezi wotsatira kunagwa maliro a bambo wina wachikulire wa m'dera lathu. Kumanda kwake n'kokwera, ndipo amayi amaimba akuyenda pambuyo pa bokosi. Tili m'munsi mwa chitunda chija, ndinamva mawu aja akuyambitsa nyimbo. Ndinkangodikira pomwe athere. Tinadutsa mpanda uja akuimba. Tinafika pokhota akuimbabe. Nyimbo inatha, anayambitsa ina. Mayi wa pampopi uja anali pambali panga, akuvomera nyimbo uku ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu.

Anandikodola. "Koma apongozi anuwa akudya chiyani?"

"Chomwe akufuna okha," ndinatero.

Mphumu sinathe ayi. Mankhwala opopera aja amayenda nawo m'chikwama, ndipo kukazizira chifuwa chimamukumbutsa. Koma nyimbo sinamutherenso pakati. Masiku ano akamapita kuntchito ndimamuperekeza mpaka pampanda paja. Ine ndimaima pamenepo kupuma, iye amapitirira.