Mmene Tinayeretsera Zakale za a Wadson

Ife a ku Phalula mukatifunsa za ulemu kwa alendo, musavutike, tinabadwa nawo. Mlendo kwathu samwera m'chikho chong'aluka. Nyumba ingadonthe bwanji, mbale yamaluwamaluwa ija ana sanaikhudzepo imatuluka m'sutikesi tsiku limenelo. Khalidwe lathu labwinoli ndi limene linawagwetsa a Wadson Chimkwita, ndipo mpaka lero nkhaniyi tikamaikamba timayamba ndi kuseka, kenako aliyense amayang'ana kumbali.

A Wadson anagwira ntchito ya njanji pa Balaka zaka makumi awiri ndi zisanu, akuyendera zitsulo ndi nyundo paphewa. Atapuma mu 1973, anzawo ena anagula njinga, ena makina osokera. Iwo anagula wilibala. Ankaikankha mudzi ndi mudzi kupempha zinthu zimene anthu anatopa nazo: makasu osulidwa pamanja, mbiya zakuda bii ndi mwaye, mtondo wobooka pansi, mvukuto wa chikopa cha mbuzi umene osula zitsulo ankakolezera moto, ndi nsalu imodzi ya chiwondo, ija ya khungwa la mtengo. Ife tinawapatsa dzina loti a Kudzala, poti ankatolera zoyenera kutayidwa kudzala. Ankalimva ndithu, koma osadandaula.

"Zimene mukutaya lerozi adzukulu anu adzazifunsa," ankatero.

"Eya, bambo," tinkayankha, uku tikutsinana.

Nyumba yawo itadzaza mpaka akazi awo, a Martina, kusowa poyala mphasa, ahedi a papulayimale, a Samson, anawabwereka kachipinda kamene munkasungidwa choko ndi masache. Kunena zoona, ahedi ankamvera chisoni a Martina, osati mbiri yakale. Koma kachipindako kanayamba kukhala ndi moyo. Lachisanu lililonse ana asukulu ankalowa pamzere, a Wadson atavala jekete yawo ya kunjanji, akufotokoza chinthu chimodzichimodzi ndi kandodo. Nafenso akuluakulu tinkapita, ati kukangoseka, koma tinkachedwako. Che Abdulrazak, mkulu wa kumzikiti, tsiku lina anazindikira mvukuto uja kuti unali wa bambo awo. Anakhala pansi pomwepo theka la ola akuuyang'ana, ndipo potuluka anawagwira a Wadson chanza ndi manja awiri.

Mu 1976 ana anachuluka pasukulu, ahedi n'kuyamba kukayang'ana kachipindako ndi diso lina. A Wadson analemba kalata kwa akuluakulu osunga zakale ku Blantyre, ndipo tonse tinadabwa yankho litabwera: atumiza munthu kudzaona.

"Akanena kuti zinthuzi n'zofunika, chipinda n'chanu mpaka kalekale," anatero ahedi. "Akapanda kutero, Lolemba lotsatira ndikulowetsamo Sitandade 3. Tisadzadane, bambo Chimkwita."

Mlendoyo ankabwera pasitima, choncho a Wadson ananyamuka kutatsala tsiku limodzi kukamuchingamira ku Balaka. Kiyi anasiyira akazi awo.

"Mayi a Ida, mungosesa pansi. Kusesa kokha basi."

Iii, bambo inu! Zaka zonsezi munali musanatidziwebe?

A Martina anatsekula chitseko ali ndi amayi anzawo asanu. Biti Sadiki, mkazi wa Che Abdulrazak, anangoti kusuzumira, manja m'chiuno.

"Bwana wa ku Blantyre adzaone izi? Adzapita akunena kuti ku Phalula chitukuko sichinafike. Iyayi, ine ndili moyo zimenezo sizichitika."

Masiku amenewo mawu oterewa sanali oseweretsa. Msonkhano uliwonse unali wa chitukuko ndi ukhondo, ndipo palibe mudzi umene unkafuna kutchulidwa kuti ndi wotsalira. Pofika masana mudzi wonse unali pasukulu, Akhristu ndi Asilamu, mogwirizana kuposa pamaliro. Mbiya zinakwechedwa ndi mchenga mpaka mwaye wa agogo athu unatheratu, kenako wina wanzeru anazipaka laimu. Makasu adzimbiri anatulutsidwa, m'malo mwake munalowa atsopano a kusitolo, pepala la mtengo lidakali pomwepo. Mvukuto unapezeka kuti wadyedwa ndi njenjete, unaponyedwa m'dzenje la zinyalala n'kuyatsidwa. Aliyense anabweretsa chabwino chake: mbale zamaluwa, ketulo, nyali yagalasi, nsalu yoluka yapatebulo. Ahedi nawonso, munthu wophunzira, anapereka wailesi yawo. Ndinene pano kuti palibe amene anachita zimenezi mwanjiru. Tinkawakonda a Wadson, ndipo tinkafuna kuwachotsa manyazi.

M'mawa mwake a Wadson ndi mlendo anafika pa lole ya thonje, fumbi lili mbuu m'mutu. Mlendoyo anali bambo woonda wamagalasi, kabuku m'thumba la shati. Njira yonse a Wadson anali atamudzaza m'makutu za mvukuto ndi mtondo, mwakuti amayi atayamba nyimbo yomulandira iye ankangoyang'ana kuchitseko.

A Wadson anatsekula monyadira, n'kupatuka kuti mlendo atsogole. Fungo la sopo ndi laimu linawalandira. Mlendo anaima pakati, anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Pepani bambo," anatero mwaulemu, "sitoloyi ndi ya ndani? Ine ndimafuna kuja kuli zakale."

A Wadson anaponya maso uku ndi uku. Anayang'ana pakona pamene pankakhala mvukuto, panali wailesi. Anayang'ana mbiya zawo, zili mbee ngati zapita kukabatizidwa. Nthawi yomweyo Biti Sadiki anagwada pakhomo, nkhope ikuwala.

"Zonyansa zonse tachotsa, bwana. Musade nkhawa, kuno ndife aukhondo."

Mlendo uja anali woleredwa bwino, sanakalipe. Anatsekula kabuku, anakayang'ana, anakatseka osalembamo kanthu. Tinamutengera kunyumba kwa ahedi kumene kunali mpunga ndi nkhuku ziwiri, ndipo anadya ndithu, nayamikira kuti nkhuku yapsa bwino. Ali pakati pa kudya anafunsa ngati mwina mtondo wokha uja ulipo, poti mitondo ya mtengo umenewo siionekanso. Mayi wina anayang'ana kumafuwa kumene nkhukuzo zinaphikidwa, tonse n'kuyang'ananso komweko. Mlendo anatsatira maso athu, anaona phulusa, anaika fupa pansi pang'onopang'ono n'kupempha madzi osamba m'manja.

Potsanzika anawauza ahedi kuti sangalembe zoti waona zimene sanaone. Anawagwira a Wadson paphewa, anakwera lole ija, napita.

A Wadson sanatukwane munthu. Akanayambira pati, mudzi wonse? Anakafukula m'dzenje muja ndi ndodo, anapezamo timisomali ta mvukuto basi. Mtima unawawawa kwambiri, ndipo anabwerera kunyumba. A Martina anali pakhonde akusankha nyemba.

"Mayi a Ida, zinazo ndamva. Nanga chiwondo chija munachiika kuti? Chimenecho chokha mwina ndingapite nacho ndekha ku Blantyre."

"Chimenecho ndinawotcha ine. Sanandiuze munthu."

"Inu? Chifukwa?"

A Martina sanadzutse mutu. "Inu bambo anu anali katekisiti, munakula ndi kabudula. Ine ndinachivala chimene chija. Ndinapita nacho kusukulu ya mishoni ndili kamtsikana, anzanga atavala nsalu yakusitolo ya biriwita. Mvula itandinyowetsa chinayamba kunyenyeka pamaso pa anyamata, mpaka aphunzitsi anandifunditsa thumba. Kusukulu sindinabwererekonso. Ndiye inu mwachipachika pakhoma, Lachisanu lililonse mukuchiloza ndi kandodo, ana akuseka. Ndinapirira. Koma kuti bwana wa ku Blantyre adzachionenso, alembe m'buku? Iyayi, bambo a Ida."

A Wadson anakhala pansi pa chitsa. Zaka zitatu akuphunzitsa ana a eni za nsalu imene iwo sanaivalepo, pomwe woivala ankawaphikira tsiku ndi tsiku, ndipo sanamufunsepo ngakhale kamodzi. Anachita manyazi kuposa aja a pamaso pa mlendo.

"Chinkayabwa?" anafunsa patapita nthawi.

"Kwambiri," anatero a Martina. "Makamaka m'chiuno."

Lolemba m'mawa, belu lisanalire, a Wadson anakapereka kiyi kwa ahedi ndi manja awo.