Woyeza Zotupa za Mbewa ku Bentley

A Goodwill Chilekwa sankayankha munthu akaiwala kuika "Dokotala" patsogolo pa dzina lawo. Ngakhale pa chiyanjano cha Amalawi, anthu ali kalikiliki kuotcha nyama, wowaitana kuti achimwene ankamuyang'ana ngati waponda zoipa. Koma udokotalawo sunali wochiza anthu ayi, unali wa mbewa.

Pa yunivesite ku Bentley, mumzinda wa Perth kutsidya kwa nyanja, ankatenga mbewa zoyera n'kuzibzala khansa m'chikhodzodzo. Kenako ankazigoneka ndi mankhwala n'kuzilowetsa m'makina a MRI, aja ojambula m'kati mwa thupi ndi mphamvu ya maginito, kuti aone mmene chotupa chikukulira. Tisawanamizire, ntchitoyo ankaidziwa. Kachotupa kochepa ngati njere ya mawere ankakaona anzawo asanakaone.

Chowawononga chinali pakamwa. Akangogwira botolo la zoziziritsa kukhosi, ulaliki unkayamba.

"Anthu akwathu chimawapha n'chiyani? Umbuli basi. Munthu amadikira matenda amugwetse, ndiye kumathamangira kuchipatala atatha kale."

Anamwino amene amagwira odwala enieni tsiku ndi tsiku ankangoyang'anizana. Akazi awo a Tusekile, namwino ku Joondalup, ankachita manyazi n'kupita kukatsuka mbale zoyera kale.

Ndiye m'mawa wina mkodzo wa a Dokotala unatuluka wofiira.

A Goodwill anakulira ku Kachulu, komwe anyamata ankasewera m'madzi a m'minda ya mpunga. Kumeneko mnyamata akakodza magazi, anzake ankati wakula, palibe ankadandaula. Linali likodzo, ndipo pafupifupi aliyense anali nalo. Choncho mkulu wophunzirayu anayang'ana m'chimbudzimo, n'kunena mumtima kuti ndi kamatenda kakale ka kumudzi, n'kugujumula. Munthu yemweyu ankaphunzitsa ana a azungu kuti likodzo lokhalitsa limatha kubala khansa ya chikhodzodzo. Zimenezo ankaziona ngati za anthu ena.

A Tusekile anaona timadontho m'mphepete mwa chimbudzi.

"Bambo a Atikonda, magazi awa ndi anu. Tiyeni mukayezetse."

"Mayi, chikhodzodzo ndimachidziwa ine kuposa aliyense mu Perth muno. Mukufuna ndikakhale pa mzere kuti kamwana ka dzulodzulo kandiuze za chikhodzodzo?"

A Tusekile anawachonderera, anakwiya, mpaka analira. A Dokotala anangogula mapiritsi a likodzo kudzera mwa mnzawo wochokera kumudzi, n'kumamwa mobisa ngati wakuba. Chilimwe chinadutsa, dzinja linabwera. Lamba anamuboola bowo lina, n'kumauza anthu kuti ayamba kuthamanga m'mawa. Mbewa zokha ndiye sankaziphonyetsa tsiku loyezedwa.

Lamulungu lina ali kutchalitchi mkodzo unatsekeka. Anatuluka atapindika, thukuta lili kamukamu, ndipo amene anawanyamula kukawaika m'galimoto ndi anthu omwe aja ankawanena umbuli.

Kuchipatala atawajambula, dokotala wachitsikana dzina lake Susan anawaitanira m'chipinda pamodzi ndi akazi awo. Anawafunsa kuti magaziwo anayamba liti.

"Sabata yathayi," anatero a Goodwill osaphethira n'komwe.

"Chaka chatha, Khirisimasi isanafike," anatero a Tusekile. Mawu awo anali ozizira, chifukwa chisoni chinali chitasanduka mkwiyo kalekale.

Susan anatembenuza kompyuta kuti onse aone. Chotupacho chinali chitadya khoma la chikhodzodzo n'kutulukira kunja. A Tusekile anagwira pakamwa, poganiza za mwana wawo Atikonda amene anali asanamalize n'komwe pulayimale. A Goodwill sanafunikire wowamasulira. Anavala magalasi, anasendera pafupi, anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Chithunzichi sanachijambule bwino," anatero. "Amene anachijambula ndani?"