Lichero la Satifiketi ya Madamu

Agogo anga aamuna anaiwala zonse: dzina langa, njira ya kuchimbudzi, ngakhale zoti agogo aakazi tinaika kalekale. Tsiku lina tinakawapeza cha ku Songani, wapansi, ati akukagulira akazi awo mchere. Tikanachedwa pang'ono, bwenzi pano tikuwasaka ku Mozambiki.

Ndiye amayi anagula loko. Iwo amalawirira kumunda wa mpunga, ine pa kabaza, agogo n'kutsekeredwa m'nyumba mpaka masana. Ankamenya chitseko mwakuti nkhuku za mudzi wonse zinasiya kuikira.

Atatsegula malo osamalira okalamba oiwala muholo ina konkuno ku Malemia, tinapuma. M'mawa ndinkawakweza panjinga, madzulo n'kukawatenga. Vuto linali madamu oyang'anira malowo. Mayi ameneyu anakachita maphunziro a masiku atatu ku Zomba, n'kubwerako akuyenda ngati jakisoni anatulukira ndi iyeyo. Satifiketi yake anaimata pakhoma ndi selotepi, ndipo aliyense wolowa ankayamba wapereka moni kwa iyo.

Malamulo ake: mpeni ayi, singano ayi, chingwe ayi. Agogo anga, munthu woti anayamba kuluka malichero mtsinje wa Domasi usanaphunzire kuyenda, ankamupatsa kireyoni kuti azipaka bakha wa papepala.

Ndinayesa kulankhula. "Madamu, awa ndi oluka malichero. Ingowapatsani nsungwi, ndizibwera nazo zong'amba kale."

"Iwe wa kabaza, za ubongo unaphunzira kuti?"

"Sindinaphunzire, madamu. Ndangokhala nawo basi."

Kuyambira pamenepo moni wanga ankayankha ndi mphuno.

Lachinayi lina ndikufika madzulo, ndinamva phokoso ndili pa mlatho. Zinachitika n'zoti madamu anatuluka kukalankhula pafoni pansi pa mtengo wa mango, ndipo foni yawo ikalira, mpunga umatha kumera n'kucha asanadule. M'kati muja agogo anasonkhanitsa abakha onse, n'kuyamba kuwang'amba ndi chikhadabo, timizere tofanana ngati ayeza ndi rula. N'kuluka. Atafika pa mkombero anaona kuti pepala ndi lofewa, anayang'ana uku ndi uku, n'kuona lolimba lili pakhoma.

Ndinapeza kalichero katatha, kokongola, chidindo chofiira cha satifiketi chili m'mbalimo. Agogo ena aakazi, oti chitsegulire holoyo sanayankhulepo, anali akupetera mtedza m'menemo, akuimba.

Madamu anakonza wigi, n'kundilozera chitseko. "Watenge awa. Asadzapondenso pano."

"Madamu, si ntchito zamanja mumafuna? Izi ndi za mapazi?"

"Anthu amanena zoona za nkhalamba imeneyi. Si matenda awa."

Ndinadziwa chomwe akutanthauza, chifukwa kwathu kuno nkhalamba ikayamba kusochera, anthu sachedwa kuitcha mfiti. Nthabwala zinandithera. Ndinawauza kuti agogo akanakhala otero, bwenzi madamuwo atasanduka kale bakha wopaka kireyoni, ndipo ine ndikanamupaka ndekha. Ndinanenanso zina zoti sindingalembe, amayi amawerenga.

Agogo anangoima, n'kusasa fumbi pathalauzi. "Mtsikana iwe," anawauza madamu, "nsungwi zako n'zosakhwima. Mawa ukadule zina."

Kunyumba amayi sanaseke ngakhale pang'ono. "Pakamwa pakopo patithandiza chiyani? Mpunga ndiusiye udyedwe ndi mbalame?" Kutacha anavala chitenje chatsopano kukapepesa. Madamu anawaimika padzuwa, n'kuwauza kuti malo adzadza. Holo yoti mungalowetsemo minibasi zitatu, muli nkhalamba zisanu ndi imodzi.

Amayi atabwerako anangoti, "Mawa ndiwatsekeranso m'nyumba."

"Musatseke, amayi. Ndizikhala nawo mpaka muziweruka."

"Iweyo? Ukhala pansi?"

Ndinakadula nsungwi m'mphepete mwa mtsinje tsiku lomwelo. Pano kabaza ndimayamba masana, makasitomala am'mawa anzanga atagawana kale ngati nyama ya pamaliro. Ndimakhala pakhonde, mpeni uli kwa ine, kung'amba nsungwi, agogo akuluka. Ndimayembekezera kuti mwina tsiku lina anditchula dzina, kapena angoti zikomo. Dzulo anatenga kansungwi kamene ndinakapala mpaka zala kutuluka magazi, anakayang'ana, n'kukaponya kwa nkhuku. Kenako anaitana amayi.

"Waganyu uyu munam'tola kuti? Mwezi ukatha achoke."