Mayi a Simbi ndi Mwana Wopanda Asilikali

Pamene pali shopu ya mafoni lero, pakona ya msewu wotsikira kumsika, kale panali nyumba yochapira zovala. Kutsogolo kunali kauntala ndi kalaliki wokonda mowa. Kumbuyo kunali chipinda chotentha ngati uvuni, matebulo oyalidwa mabulangete akale, ndi mayi wina wamfupi amene msewu wonse unkamutchula kuti Mayi a Simbi. Achinyamata a masiku ano amavala malaya okhala ngati atafunidwa ndi ng'ombe, choncho sangamvetse kuti munthu ankatchuka chifukwa cha mzere wa thalauza. Koma iwo anatchuka. Ankanyowetsa chala n'kukhudza pansi pa simbi, ikati tswi, ankadziwa kuti makala akwana. Ankawaza madzi ndi zala, nthunzi n'kuti tolo, iwo akuimba chapansipansi. Aphunzitsi, amaofesi, akwati, onse ankanena pakauntala kuti, "Zanga agwire mayi aja, osati wina."

Anakwatiwa ndi kalipentala wa mawu ochepa, ndipo anabereka mwana wamwamuna wonenepa, wolira molamula. Bambo ake anamutcha Kapitao, dzina n'kukhazikika. Theka la chaka linatha mwanayo osadwala ngakhale chimfine. Mwini malo ochapira atatuma uthenga kuti makasitomala akudandaula, Mayi a Simbi anabwerera kuntchito, mwana n'kumatsala masana ndi apongozi awo.

Sipanapite nthawi, khutu la Kapitao linayamba kutuluka mafinya. Khutu litauma, chinabwera chifuwa. Chifuwa chitatsika, anatsegula m'mimba. Jakisoni ankamudzutsa, koma pakapita masabata ochepa thupi linkatenthanso.

Apongozi sanazungulire. "Amake Kapitao, mwana uyu anali ngati dzungu. Mwabwerera kumalaya a anthu, taonani tsopano. Mumawadziwa eni malayawo? Ena ndi achifuwa, ena ndi amphere. Mumabwera nazo m'manja n'kumuyamwitsa mwana."

"Ndimasamba m'manja, amayi."

"Sopo amachotsa litsiro, sachotsa matenda a mwini."

Kalipentala anakanda m'mutu nthawi yaitali, kenako anati, "Tangoyesani kusiya, amake mwana, tione."

Anasiya. Simbi yawoyawo, imene anaigula asanakwatiwe, anaikulunga m'chiguduli n'kuikankhira kunsi kwa bedi. Kuyambira pamenepo nyumba ija inasanduka ya madzi otentha. Ankawiritsa sipuni, kapu, matewera, ngakhale tizidole tathabwa timene bambo ake ankasema. Manja anang'ambika, zikhadabo zinafewa. Mlendo ankasamba m'manja pakhomo asanapatsidwe moni. Anzawo a mumsewu ankaseka kuti, "Kwa a Simbi osachedwako, angakuwiritse nawenso." Iwo ankasekera limodzi, koma mumtima munali funso limodzi losagona: kodi ndine ndinamupha thupi mwana wanga chifukwa chokonda tebulo lija? Popita kumsika ankadzera msewu wina, chifukwa fungo la nthunzi ndi makala linkawalasa. Tsiku lina kalaliki uja anawaona patali n'kufuula, "Mayi, bwererani! Kolala za malaya zikupsa kuno ngati chimanga chootcha!" Anangoweramitsa mutu n'kufulumira.

Zaka zinapita, ukhondo unachuluka, koma matenda sanachepe. Kapitao anafika msinkhu wothamanga ali ndi miyendo ngati mapesi. Apongozi ankati matendawo analowa kale, ndipo cholowa chalowa.

Chifuwa china chitavuta kwambiri, anawatumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko anapeza dokotala wa ana, mayi waimvi, wa magalasi olendewera pachingwe. Iyeyu anamvera nkhani yonse osadula, kenako anauza mwana kuti ayasamule. Anasuzumira kukhosi ndi tochi nthawi yaitali kuposa madokotala onse akale.

"Tinyama tiwiri tija timene timakhala uku ndi uku kukhosi, anamuchotsa ndani?"

"Palibe, adokotala. Kukhosi kokha ndiye sikunamuvutepo. Mpaka ndimathokoza."

"Sikungamuvute, mulibe kanthu. Nanga kwanu, kuchikazi, aliko ana aamuna amene anamwalira ali aang'ono?"

Mayi a Simbi anakumbukira mlongo wawo amene sanafike poyenda, ndi malume awo amene ankangomveka dzina. Mayi awo sankakonda kukamba zimenezo, iwonso anali asanaziganizirepo.

Anamutenga mwana magazi, ndipo zotsatira zinachedwa, chifukwa anakayeza kutali. Tsiku lokamva anapita ndi mwanayo, akuluakulu atatu: Mayi a Simbi, kalipentala ndi apongozi amene anati sangatsale.

"Mumadziwa kuti m'thupi muli asilikali," anatero dokotala. "Alipo a mitundu yambiri. Mtundu wina ntchito yake ndi kusula zida zogwirira tizilombo toyambitsa matenda. Asilikali amenewa amabadwira m'kati mwa mafupa ali tiana. Kuti kamwana kotero kakule, kamayenera kumva mawu akuti kula, ukufunika. Mawuwo amafikira pakhomo pake, ndipo m'kati mumakhala mthenga wowanyamula kupita nawo kuchipinda chimene zinthu zimalamulidwa. Mwa mwana wanu mthenga ameneyo anabadwa wolumala. Mawu amafika pakhomo n'kuthera pomwepo. Kamsilikali kosamva kanthu sikakula, kamangofa kakadali kakhanda. N'chifukwa chake kukhosi kuli see. Tinyama tija ndi misasa yawo, ndipo msasa wopanda asilikali sumangidwa."

Kalipentala anayang'ana denga. Apongozi anayang'ana dokotala ngati wogulitsa mankhwala a pamsika. Mayi a Simbi ndiwo anayankhula. "Ndiye zili ngati tsiku limene kalaliki wathu waledzera. Zovala zadzaza kutsogolo, ife kumbuyo tili chikhalire, simbi zikuzizira."

Dokotala anaseka. "Ndi momwemo. Kungoti simbi ikazizira mumaikolezanso. Awa akafa, afa."

Apo funso lija, limene analisenza zaka zonsezo, linatuluka lokha. "Adokotala, kodi ndi malaya?"

"Malaya ati?"

Anafotokoza za ntchito, za manja, za kuyamwitsa. Dokotala anavula magalasi. "Ayi, mayi. Ngakhale mukanakhala mkazi wa bwana wosagwira madzi, zikanachitikabe."

"Nanga bwanji anayamba nditangobwerera kuntchito?"

"Mwana akakhala m'mimba, mayi amamugawira zida zake zosulasula. Amabadwa nazo, zimamuteteza miyezi yoyambirira, kenako zimatha. Ana ena pofika pamenepo amakhala ayamba kusula zawo. Wanuyu analibe osula. Zida zanu zinatha nthawi imene tchuthi chanu chinatha, zinangokumana basi."

Mayi a Simbi anamva mapewa akutsika ngati atula mtolo wa nkhuni. Koma dokotala uja sanali wonyengerera anthu, ndipo anachita bwino, chifukwa theka la choonadi ndi bodza lomwe. Anapitiriza kuti kulumala kwa mthengayo kumayenda m'magazi a akazi. Mkazi amakunyamula osadwala, amadwala ndi mwana wamwamuna. Mlongo uja ndi malume aja mwina anapita ndi zomwezo. Anatinso mankhwala ochiza kulibe, koma zida zotengedwa m'magazi a anthu opereka magazi zikhoza kumalowa mwa mwana kudzera m'diripi mwezi ndi mwezi, moyo wake wonse.

Atangotuluka pageti, apongozi anakonza mpango wawo n'kunena, "Ndinanena ine kuti zachokera kwa inu."

Kalipentala anati, "Amayi, pano ndi pamsewu."

Mayi a Simbi anali asanawayankhepo apongozi awo chikwatiwire. Tsikulo anaima, mwana ali kumsana, n'kuyankha mofatsa. "Munanena za malaya, amayi. Za magazi simunanene, ndipo magazi sindinasankhe, monga inunso simunasankhe anu. Koma mwamva zonse, musatole theka. Dzungu lija munkalinyadira, linanenepa ndi zida zanga. Ndinamupatsa zonse zimene ndinali nazo, zabwino ndi zoipa zomwe."

Basi inabwera, anakwera onse.

M'mawa mwake Mayi a Simbi anagwada n'kusolola chiguduli chija kunsi kwa bedi. Simbi inali itachita dzimbiri, chigwiriro chitafumbwa. Anaikwecha ndi mchenga, anaipaka kandulo, ndipo kalipentala, osafunsidwa, anasema chigwiriro chatsopano cha thabwa lolimba. Chovala choyamba kusitidwa chinali kashati ka Kapitao kopitira ku diripi yoyamba. Anati mwana wawo sakalowa m'chipatala ngati wopemphetsa. Sabata yotsatira anali kale pa tebulo lawo, kalaliki akulengeza kwa aliyense wolowa kuti kolala zapulumuka. Patapita masiku, apongozi anabwera ndi diresi yawo yopitira kumapemphero, naiika pakauntala n'kunena kuti, "Agwire amake Kapitao." Kupepesa kwawo kunali komweko, ndipo Mayi a Simbi anaisita bwino kuposa zonse.

Pasakhale wonamiza anthu kuti mwanayo anachira. Sanachire. Khutu limodzi linagonthera pomwepo, kachifuwa sikanamusiye, ndipo miyezi ina mankhwala ankasowa, banja lonse n'kukhala mtima uli m'mwamba. Koma anakula. Mayi ake atabereka mwana wamkazi, anadikira kuti akule n'kumuuza zonse poyera asanapeze mwamuna, kuti zisabisikenso monga zinabisikira kwa iwo.

Nyumba yochapira ija inatsekedwa anthu atayamba kuvala nsalu zosafuna kusita. Kalaliki anapita, kalipentala anapita, Mayi a Simbi nawonso anatsatira, manja awo ali ndi zipsera za makala ndi za madzi otentha. Kapitao lero ndi bambo wa imvi zoyamba, amakonza mawotchi pakhonde la sitolo ina. Ukamuyankhula umaima mbali ya khutu lakumva. Kumayambiriro kwa mwezi amatseka kabokosi kake n'kudutsa pakona paja kupita ku diripi. Anyamata a pashopu ya mafoni amamuseka kuti, "Madala, thalauzalo lingaticheke chala!" Simbi yamagetsi anamugulira mlongo wake, koma ili m'katoni. Tsiku la diripi amakolezabe makala m'simbi ya mayi ake ija, n'kunyowetsa chala.