Chipepeso chodukiza pa mashopu

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinapita ndi amayi ku mashopu atsopano aja pa Salima. Ayamba kulipiritsa poimika galimoto, ndipo ukachedwa mtengo umakwera.

Tikutuluka, tinakumana ndi anzawo a ku Maganga, mayi Asiyatu, amene amuna awo anamwalira mwezi watha. Amayi sanapite kumaliroko chifukwa ankadwala, ndiye anakhala pansi pakhonde pomwepo kuti apepese bwinobwino.

Amayi asanafike patali, mayi Asiyatu anaona tikiti ya poimika galimoto ili m'manja mwanga n'kunena kuti, "Nyamukani anzanga, galimoto ikudya ndalama za mwana."

Amayi ananyamuka, ndipo tinabwerera kunyumba chipepeso chisanathe.

Ine ndikuti Loweruka tiwaperekeze ku Maganga, komwe kulibe geti lolipiritsa galimoto, akamalize chipepeso chawo. Inu mukuti bwanji?