Masingano a paphewa la atate

Ndikukumbukira chaka chimene phewa la atate linauma, tikukhala ku Tembwe, m'boma la Chama. Munali m'zaka za m'ma 1990, ine ndili mtsikana wa ku pulayimale. Atate anali mphunzitsi, anachita kutumizidwa kumeneko kuchokera kwathu ku Katete. Nyumba yathu inayang'anana ndi ya a Goma, mlimi wa mtundu wa Asenga, ndipo kanjira ka pakati pake tinakasalaza ndi mapazi ine ndi mwana wawo Tamara. Madzulo ndinkadya kawiri. Kwathu ndinkadya mwaulemu, koma kwa a Goma ndinkadya ndi mtima wonse, chifukwa mpunga wa amake Tamara unkanunkhira mpaka kumsewu.

Atate ndi a Goma anali apamtima pa nsolo. Tsiku lina atate anawadyera njere zonse, a Goma n'kuseka, n'kuwamenya paphewa monga amachitira amuna akagonja. Posapita nthawi dzanja lamanja la atate linayamba kukana kukwera. Ankangolemba m'munsi mwa bolodi, ana a kumbuyo n'kumakwera pamabenchi kuti aone. Mapiritsi ankagonetsa ululu pang'ono, kukacha n'kudzukanso nawo.

Nthawi imeneyo tinali ndi azakhali, mlongo wawo wa atate, amene anabwera kudzacheza sabata imodzi koma mango anachita kupsa iwo alipobe. Atafunsa mmene phewalo linkawawira, atate anayankha kuti linkalasa ngati masingano. Basi, mlandu unathera pomwepo. Kwathu ankakhulupirira kuti munthu woipa mtima atha kukuponyera masingano m'thupi, ndipo sing'anga wodziwa ntchito ankadziwika ndi kuwatulutsa n'kuwaonetsa anthu m'mbale. Nanga amene anakhudza phewalo ndani? Atate anangoseka, za mphini n'kukaniratu. Koma amayi anachita mantha, ndipo lamulo linagwera ine, wosalakwa: kwa a Goma ndisapondeko. Atate nawonso analeka nsolo pofuna mtendere m'nyumba.

Zinandiwawa kwambiri. Tamara ankaima kumapeto kwa kanjira atanyamula malambe, ine n'kumayerekeza kusesa pabwalo posesa kale. Fungo la mpunga lokha ndi limene silinamve lamulolo.

Pa chipatala chaching'ono cha m'deralo panali a Mulenga, amene tonse tinkawatcha adokotala. Asanabwere kwathuko anagwirapo ntchito ku Kabwe ndi madokotala a ku China, n'kuphunzirako kuchiza ndi masingano. Anafika panjinga Loweruka lina m'mawa, azakhali atapita kukatunga madzi. Choyamba anauza atate kuti atulutse lilime. Ine ndinatsala pang'ono kufa ndi kuseka, chifukwa kusukulu atate ankatilanga tikatulutsa lilime. Kenako anawagwira pamkono nthawi yaitali, akumvetsera mtsempha, maso ali kudenga.

"Aphunzitsi," anatero a Mulenga, "Machaina amakamba kuti m'thupi muli tinjira twa mphamvu, monga mifolo ya madzi m'dimba. Kanjira kakatsekeka, pamenepo pamawawa. Manje masingano aya ni otsegulira."

"Nanga mankhwala ake muthira pati?" anafunsa atate.

"Mulibe mankhwala."

Atate anaoneka okhumudwa. Kwa ife singano ya dokotala inali jekeseni, ndipo jekeseni yabwino inali yoti uyende chotsimphina mpaka mawa. Awa anali timasingano toonda ngati ubweya wa kumchira wa ng'ombe. A Mulenga anatiwiritsa m'kapoto, atate n'kugona chafufumimba pamphasa. Ndinaona ndi maso anga tikulowa paphewa, pakhosi, kena padzanja, kenanso kumwendo kumene sikunalakwe chilichonse. Atate anati sakumva kuwawa, kungolemera chabe. Adokotala anawauza kuti asagwedezeke, iwo n'kupita kuseri kwa nyumba kumene amayi anawasungira thobwa.

Ndi pamene azakhali analowa. Anatula ndowa, anayang'ana msana wa mlongo wawo, n'kuimba nthungululu yoti nkhuku zonse zinabalalika.

"Atuluka! Mulungu ngwabwino, atuluka okha!"

"Alongo, musakhudze!" anakuwa atate, nkhope ili pamphasa.

Azakhali anali atagwada kale, akuzula imodziimodzi ngati akupalira. Ndinayesa kunena kuti ndawaona adokotala akuwalowetsa, koma anandiuza kuti nkhani za akulu sizifuna ana. Anawaika m'mbale, anamanga chitenje, uyo m'kanjira kupita kwa a Goma. Ine ndinatsatira pambuyo, ndipo ndisaname, ndinakondwera kupondanso kanjirako.

Tinawapeza a Goma akusema mpini wa khasu. Azakhali anaika mbale ija patsogolo pawo n'kunena zonse zimene anasunga mumtima, anthu n'kumasonkhana. A Goma sanakalipe. Anayang'ana masinganowo, anayang'ananso kunyumba kwathu, ndipo ndinaona kuti tsopano amvetsa chifukwa chake mnzawo analeka kubwera ku nsolo. Chisoni chimene chinali pankhope pawo chinandichotsera chimwemwe chonse. Tamara anali pakhomo akulira.

Atate anafika akuthamanga opanda malaya, a Mulenga pambuyo, thobwa likadali pandevu. Adokotala anafotokoza za Machaina, za tinjira, za Kabwe. Azakhali anangopukusa mutu.

"Ife tidziwa asing'anga otulutsa masingano. Wolowetsa sitinamumvepo."

Apa a Goma anaika mpini pansi n'kupinda buluku. Bondo lawo linkawavutitsa kuyambira kalekale.

"Adokotala, nilaseni ine apa. Amama aone na maso yawo."

Kapoto kaja kanawiranso, pamoto wa amake Tamara. A Goma anagona pamphasa pakati pa bwalo, dzuwa likuswa mtengo, anthu atazungulira. Azakhali anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda bondo, akuona singano iliyonse ikulowa. Atamaliza adokotala, a Goma anadzutsa mutu.

"Manje amama, mukanipeza mailo kukacha nili tero, muzakamba kuti anilowa ni aphunzitsi?"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Atate anakhala pansi pambali pa mnzawo. Azakhali sanali munthu wopepesa ndi pakamwa, anangoti timasinganoto n'tating'ono bwanji. Koma m'mawa mwake anatapa mtedza umene anabwera nawo kuchokera ku Katete, anandisenzetsa, iwo n'kutsogola m'kanjira. Tsiku limenelo ndinadya mpunga mpaka m'mimba kuwawa.

Phewa silinachire tsiku limodzi. A Mulenga anabwerabe Loweruka angapo, anawaphunzitsanso atate kukwawitsa zala pakhoma m'mawa uliwonse. Pofika nthawi ya mvula choko chinayambanso kufika pamwamba pa bolodi. Kaya anachiritsa ndi masingano, kaya khoma, kaya nthawi chabe, ine sindidziwa, ndipo a Mulenga omwe sanalumbirepo.

Masiku ano zimenezi sizidabwitsanso anthu a m'tauni. Masingano amabwera omata m'mapepala, akagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, zowiritsa m'kapoto zinatha. Inenso ndinakagonapo chafufumimba ku Lusaka chifukwa cha msana, ndipo nthawi yonseyo diso langa linali kukhomo, kuopa azakhali. Ndimaseka ndikakumbukira, koma pali chimodzi chimene sichindiseketsa. Nsolo inabwerera mwakale, ndipo atate ndi a Goma anasewera mpaka chaka chimene tinasamuka. Komabe a Goma akagonja ankaseka, n'kukweza dzanja kuti amenye mnzawo paphewa, dzanjalo n'kuima m'malere. Kenako ankalibweza pang'onopang'ono n'kuyamba kutola njere.